Filimu imodzi, mayina atatu, kutalika kosiyana: kope losunga ndi liti?

Kadzidzi_Zomba
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikunena mafilimu a kung fu akale aja, osati a Shaw Brothers kapena Golden Harvest ayi, koma a timakampani ting'onoting'ono ta ku Hong Kong ndi ku Taiwan, a kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1980. Pali makope atatu a filimu imodzi yomweyo: tepi ya VHS ya ku Britain, VCD ya zimbale ziwiri, ndi DVD ya ku America. Chikuto chilichonse chili ndi dzina lakelake. Tepi ikuthera pa mphindi 86, DVD pa mphindi 90. DVD ndiye yowala kuposa zinazo, koma anthu akamamenyana mmodzi amasowa, umangoona mwendo ukutulukira m'mbali. VCD ndi yosaoneka bwino koma onse awiri akuoneka. Malo pashelefu achepa. Ndisunge chiti, nditaye ziti?

Deki_Yakale
Musataye kanthu kaye, achimwene. Kusiyana kwa 86 ndi 90 mwina si kudula, ndi liwiro chabe. Filimu ya mu holo imayenda zithunzi 24 pa sekondi. Matepi ndi ma DVD a dongosolo la TV lotchedwa PAL, omwe ndi a ku Britain, ku South Africa ndi kuno kwathu, amayenda zithunzi 25 pa sekondi, ndipo pokopera ankangoithamangitsa filimuyo pang'ono kuti ilingane. Werengani nokha: 90 kuchulukitsa ndi 24, kugawa ndi 25, mupeza 86.4. Ndiye kuti mphindi 86 ndi masekondi 24. NTSC, dongosolo la TV la ku America, imasiya kutalika pafupifupi momwe kunalili. Choncho tepi yanu ndi DVD yanu zikhoza kukhala zofanana ndendende. Mukatchera khutu mumvanso kuti pa PAL mawu a anthu amaonda pang'ono ndipo nyimbo imakwera.

Nyalugwe
Masamuwo ali bwino, koma tepi ya ku Britain osaikhulupirira msanga. BBFC, bungwe lawo lounika mafilimu, m'nthawi ya mkulu wake James Ferman linkachotsa nunchaku paliponse pomwe yaoneka, timitengo tiwiri tolumikizidwa ndi tcheni tija. Nyenyezi zoponya za ma ninja nazonso zinkadulidwa. Zinayamba kufewa Ferman atachoka mu 1999. Pomwe nyama yazunzidwa zenizeni amadulabe mpaka lero, ndipo ndewu ya mphaka ndi njoka mu Snake in the Eagle's Shadow inakhudzidwa ndi lamulo limeneli. Masekondi 20 kapena 30 odulidwa sangaoneke pa masamu amene apereka a Deki. Zizindikiro zake: nyimbo imalumpha pakati, munthu amene anali chiimire mwadzidzidzi ali pansi, chida chomwe chinali m'manja chasowa osaona pomwe chagwera.

Deki_Yakale
Zoona zimenezo. Njira yopezera ndi iyi. Tengani pepala, lembani nthawi yomwe ndewu iliyonse ikuyambira pa makope onse awiri. Nthawi ya pa PAL muichulukitse ndi 1.0427 (25 kugawa ndi 23.976, liwiro la filimu pa NTSC), kenako muiyerekeze ndi ya pa NTSC. Kusiyana kukakhala komweko kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndi zizindikiro za makampani za kumayambiriro chabe zomwe zikusiyanitsa. Koma kukalumpha mwadzidzidzi, tinene kuchoka pa masekondi 8 kufika pa 45, lumo linadutsa pakati pa malo awiri amenewo. Onerani pamenepo pokha.

Nachimbale
Inu nonse mwathamangira mphindi, mwasiya vuto lalikulu. A Kadzidzi anena kuti pa DVD munthu mmodzi amasowa. DVD imeneyo ndi yodulidwa m'mbali, ndipo kuwala kwake n'kopanda ntchito.

Mafilimu amenewa pafupifupi onse anajambulidwa pa scope, 2.35:1, kutanthauza kuti m'lifupi ndi kuposa kawiri msinkhu wake. TV yakale inali 4:3. Kuti chithunzi chidzaze TV, ankataya pafupifupi magawo 43 pa 100 alionse. Filimu ya anthu ongocheza ikhoza kupirira zimenezi. Ya kung fu singathe, chifukwa kamera inkaima patali, omenyana wina kumanzere wina kumanja, ndipo ankaponya nkhonya ndi mateche khumi kapena kuposa kamera isanadule. Makampani otchipa sankavutika n'kutsatira pomwe pali anthu, ankangokhomera pakati. Mapeto ake mukuonera mtengo uli phee pomwe ndewu ikuchitikira kunja kwa sikilini.

Zoyang'ana: mayina a kumayambiriro akakhala ndi anthu aatali owonda ngati nsungwi, kenako filimu ikayamba anthu n'kubwerera mwakale, ndiye kuti anafinya poyambira pokha kuti mayina akwane, kwinako anadula. Mawu olembedwa m'munsi akamasowa koyambirira ndi kumapeto kwa chiganizo, ndi chimodzimodzi. Chenjeraninso ndi chinyengo china: amatenga kope loduladula kale, n'kuika mizere yakuda pamwamba ndi pansi kuti lioneke ngati scope. Apo mitu ya anthu imadulidwa pachipumi. Ena amangolikoka m'mbali. Yang'anani chinthu chozungulira, mwezi, gudumu la ngolo kapena chipewa chansungwi chikayang'ana kamera. Chikaoneka ngati dzira, akoka.

Kambuku_Joni
Achemwali, ndiye mukuti asunge VCD? 352 kwa 288? Pa TV ya mainchesi 50 limakhala phala lenileni. Mukachotsa mizere yakuda mumatsala ndi mizere ya chithunzi pafupifupi 163 yokha. Nkhope simungaizindikire.

Nachimbale
Phala lake koma mbale yodzaza. Timaonera mapazi ndi manja, osati ziphuphu za ekita. Musaikoke kudzaza sikilini yonse, khalani patali pang'ono, kapena muonere pa TV yakale ya chimsana ija, mudzadabwa.

Mlonda35
Za mayina atatu palibe amene wayankha. Dzina la Chingerezi pa mafilimu awa silitanthauza kanthu. Aliyense wogula filimu kuti akagulitse m'dziko lake ankaipatsa dzina lomwe akuona kuti liyenda malonda chaka chimenecho. Shaolin ikatchuka, onse ndi Shaolin. Kenako Drunken, kenako Ninja, kenako Wu Tang. Filimu ya Joseph Kuo ya 1979, The Mystery of Chess Boxing, inagulitsidwanso ngati Ninja Checkmate, chonsecho mulibemo ninja ngakhale mmodzi.

Chodalirika ndi dzina la Chitchaina. Imitsani filimu pomwe dzina likuoneka, jambulani ndi foni, gwiritsani ntchito pulogalamu yowerenga zilembo za pachithunzi, kenako zilembozo mukazifufuze pa HKMDB, webusaiti ya kaundula wa mafilimu a ku Hong Kong. Kumeneko mupeza chaka, wotsogolera, wokonza ndewu ndi mayina ena omwe filimuyo inadziwika nawo. Ngati wogulitsa anachotsa dzina la Chitchaina n'kuikapo lake lolemba pa kompyuta, pitani kudzera pa nkhope: zindikirani osewera awiri kapena atatu, muone mafilimu omwe anakumanamo. Polemba kaundula wanu ikani dzina la Chitchaina, chaka, kampani, PAL kapena NTSC, 2.35:1 kapena 4:3, chilankhulo, ndi mphindi. Mukapanda kutero mudzagula filimu imodzi kanayi.

Nyalugwe
Chikuto nachonso chimanama. Yuen Siu-tien, mkulu wa mphonda ya mowa mu Drunken Master, anamwalira mu January 1979, koma nkhope yake inapitirira kukongoletsa zikuto za mafilimu omwe akuonekamo mphindi zochepa chabe, kwinako n'kukhala munthu wina wovala tsitsi la imvi. Jackie Chan atatchuka mu 1978 ogulitsa mafilimu anafukula zakale zomwe anajambula ali mnyamata n'kuzisoka ndi munthu wina wobisa nkhope. Bruce Lee atamwalira mu July 1973 kunabwera omutsanzira, Bruce Li, Bruce Le ndi Dragon Lee. Ndiye pali za kampani ya IFD za Joseph Lai ndi Godfrey Ho za m'ma 1980, zotenga filimu ya ku Taiwan, Korea kapena Thailand n'kulowetsamo azungu ovala za ninja amene sakumana n'komwe ndi anthu a m'filimu yeniyeniyo, amangoyankhulana pa telefoni.

Kambuku_Joni
Bruce Li musamuike gulu limodzi ndi enawo. Dzina lake lenileni ndi Ho Chung-tao, ndipo mafilimu ake a kumapeto, atasiya kukanda mphuno ndi chala, ndi abwino ndithu.

Thengo_Lapsa
Poti mwalowa za anthu, funso langa ndi lakale lomwe lija. Pa mateche, Hwang Jang-lee kapena John Liu?

Gogo_Shaolin
Hwang, mwana wanga, palibe mlandu apa. Munthu wa taekwondo weniweni wa ku Korea, amadumpha n'kuponya atatu asanatere pansi, ndipo ukaonera umamva kuti akupweteka. Ndi amene anagulula dzino la Jackie Chan pojambula Snake in the Eagle's Shadow ya mu 1978.

Nachimbale
Agogo, mphamvu ndi zina, kulamulira mwendo ndi zina. John Liu, wophunzira wa Tan Tao-liang, amaimika mwendo wolozera kumwamba n'kuusiya pomwepo ngati waupachika pa msomali, kenako amenya katatu osautsitsa. Wotsogolera filimu Ng See-yuen anadziwa chomwe ankachita powakumanitsa awiriwa mu The Secret Rivals mu 1976. Kampani yake, Seasonal, ndi umboni woti sunkafunika mudzi wonse wa Shaw kuti upange filimu yogwira mtima. Phiri, anthu atatu odziwa mwendo, basi.

Deki_Yakale
Poweruza liwiro la anthu amenewa kumbukirani kuti ndewu zambiri ankazijambula kamera ikuyenda pang'onopang'ono, tinene zithunzi 22 pa sekondi, kuti poonetsa pa 24 zioneke zachangu. PAL n'kudzawonjezeranso pamwamba. Mukayerekeza wina pa tepi ya ku Britain ndi mnzake pa DVD ya ku America, wa pa tepiyo mwamupatsa mwayi wakuba.

Thengo_Lapsa
Nanga zomasuliridwa m'Chichewa zomwe timakopetsa pa fulashi zija, zili ndi malo pashelefu?

Mlonda35
Zili ndi malo ake, koma padera. Ambiri kuno mafilimu awa anawadziwira m'mavidiyo a m'taunishipi, pabenchi, ndipo omasulira amapitiriza mwambo womwewo, nthabwala zawo ndi luso palokha. Koma monga kope la filimu siziwerengedwa. Womasulira akamayankhula amatsitsa mawu enieni ndi nyimbo, pakona pali chizindikiro chake, fayilo yafinyidwa kuti ikwane pa memore khadi, ndipo gwero lake kawirikawiri ndi kope loduladula m'mbali lija. Sungani m'foda yakeyake, mulembe kuti ndi yomasulira.

Kadzidzi_Zomba
Tibwerere kwa ine pang'ono. Tepi ndi DVD zili m'Chingerezi, VCD ili ndi zilankhulo ziwiri zikumveka nthawi imodzi. Chilankhulo chenicheni cha filimu ndi chiti?

Gogo_Shaolin
Ziwiri zikumveka pamodzi chifukwa ma VCD a ku Hong Kong ankaika Cantonese ku sipika imodzi, Mandarin ku inayo. Pa rimoti pali batani la L/R kapena Audio, sankhani mbali imodzi.

Za chenicheni, mafilimu awa ankawajambula opanda mawu. Osewera ena ankayankhula Mandarin, ena Cantonese, ena Chikoreya, ndipo zonse, ndi phokoso la nkhonya lomwe, zinkaikidwa pambuyo mu situdiyo. Opangidwira ku Taiwan kawirikawiri ankatuluka m'Mandarin. A nthabwala a ku Hong Kong kuyambira cha m'ma 1978 ambiri ndi a Cantonese, ndipo nthabwalazo zimagwira m'chilankhulo chimenecho. Chingerezi chakale chija ankachipangira ku Hong Kong komweko, ndi kagulu kochepa ka anthu, n'chifukwa chake mawu amodzimodzi mumawamva m'mafilimu makumimakumi. Ma DVD ena a pambuyo pake anaikamo Chingerezi chatsopano, chozizira ngati nsima ya dzulo. Enanso anasintha nyimbo, poti timakampani tija tinkangotola nyimbo za m'mafilimu a ku Italy ndi ku America osalipira. Ndiye zimatheka kuti Chingerezi chakale ndi nyimbo zoyambirira zatsala pa tepi pokha. Mverani mphindi zisanu zomwezo pa tepi ndi pa DVD. Mawu akasiyana, tepiyo ndi chuma.

Kambuku_Joni
Ndiye chithunzi chili pa VCD, mawu ali pa tepi. Munthu aziyatsa ma deki awiri?

Deki_Yakale
Amalumikiza. Kopani mawu a pa tepi ngati WAV, 48 kHz, osati MP3. Ngati chithunzi chanu chikuyenda pa 25 ngati tepiyo, liwiro musalikhudze. Ngati chikuyenda pa 23.976, tsegulani mawuwo mu pulogalamu ya Audacity, sankhani Change Speed, ikani -4.096 peresenti. Kuti mudziwe liwiro la fayilo gwiritsani ntchito pulogalamu ya MediaInfo, osangoganizira. Kenako pezani nkhonya yomveka bwino kumayambiriro, mulinganize phokoso ndi chithunzi.

Apa ndi pomwe ambiri amagwa ulesi: zimayenda bwino mphindi 18 kapena 20, kenako mawu n'kutsogola. Chifukwa chake n'chakuti filimu ya 35mm inkabwera m'mipukutu ya mphindi pafupifupi 20 uliwonse, ya mphindi 90 imakhala mipukutu isanu, ndipo koyambira ndi kothera kwa mpukutu ndi komwe kumang'ambika n'kudulidwa. Makope awiri ochokera ku mipukutu yosiyana sangasowe zithunzi zofanana. Choncho mawu muwadule mpukutu ndi mpukutu, chigawo chilichonse muchilinganize pachokha. Kadontho kothwanima pakona ya kumanja pamwamba kamakuuzani kuti mpukutu ukutha. Pomwe tepi inadulidwa ndi BBFC tsekani mpatawo ndi mawu a pa VCD. Pomaliza phatikizani mawu ndi chithunzi ndi pulogalamu ya MKVToolNix, yomwe sifinyanso chithunzi. Pa VCD samalani polumikiza zimbale ziwirizo, zina zimabwereza masekondi angapo koyambirira kwa chachiwiri.

Mai_Chinyezi
Musanaike tepi iliyonse mu deki, yang'anani pawindo lake. Mukaona zoyera ngati ufa kapena ulusi wa kangaude pamphepete pa mpukutu, ndi chuku. Ikalowa mu deki imapaka mitu, ndipo tepi iliyonse yobwera pambuyo imatenga matendawo. Kumalo achinyezi ngati Nkhata Bay ndi Mulanje, dzinja limodzi m'katoni ya pansi pa bedi ndi lokwanira.

Yachuku ipatuleni, iikeni m'bokosi lotseka bwino ndi timapaketi ta silica gel kwa masabata angapo kuti iume. Kenako muipukute panja, mutavala chotseka pamphuno, pa deki ina yosafunika yomwe mwaichotsa chivundikiro, mukuigwiritsa kansalu kosatuluka ubweya pamene ikuzungulira. Mitu ya deki yabwino pukutani ndi isopropyl ya 99 peresenti pa kapepala koyera: gwirizani kapepalako, zungulitsani ng'oma ya mitu ndi chala. Osapukuta chokwera ndi chotsika, ndipo osagwiritsa thonje, limakola n'kuthyola mutu. Matepi aziima chilili ngati mabuku, obwezeredwa koyambirira, kutali ndi masipika, kutali ndi khoma lakunja ndi denga la malata. Zimbale pukutani kuchokera pakati kupita kunja, osati mozungulira.

Thengo_Lapsa
Spirit wofiirira wa m'golosale sangagwire?

Mai_Chinyezi
Ayi. Ali ndi utoto ndi zina zomwe zimatsalira pamitu.

Kambuku_Joni
Ntchito yonseyi bwanji osangogula Blu-ray? Kampani ya Eureka inatulutsa bokosi la mafilimu 8 a Joseph Kuo mu 2021. 88 Films ikutulutsa ambiri. Severin inatulutsa bokosi la ma Bruce onama aja mu 2024. Ndipo mwayi wathu ndi woti pa Blu-ray Africa yonse ili Region B pamodzi ndi Britain, ndiye zimbale za ku Britain zimawerengeka pa mapleya a kuno.

Nyalugwe
Pa Blu-ray inde. Pa DVD nkhani ndi ina: South Africa ili Region 2 pamodzi ndi Britain, Malawi ndi Zambia zili Region 5, Hong Kong ndi Taiwan 3, America 1. Ma deki ambiri otchipa a pamsika sasankha, amawerenga zonse, koma draivu ya pa kompyuta imalola kusintha kasanu kokha kenako imakhoma. Blu-ray ya ku America ndi ku Hong Kong ndi Region A, ndiye za Severin ndi anzawo muziwerenga kaye kuseri kwa chikuto ngati zili zotsekula. Ndipo amene akuitanitsa pleya ku America ayang'ane kachikwangwani kakumbuyo. Ikalembedwa 120V yokha, magetsi athu a 230V aiwotcha nthawi yomweyo popanda transifoma.

Mlonda35
A Kambuku, otuluka pa Blu-ray ndi ochepa poyerekeza ndi omwe anapangidwa. Apa ndi pomwe timakampani timasiyana ndi akuluakulu. Shaw Brothers inkasunga ma negative ake, mipukutu yoyambirira yochokera mu kamera, Celestial Pictures itagula inakonza mafilimu oposa 700. Kakampani ka ku Taiwan kopanga mafilimu atatu n'kutseka kanalibe nkhokwe. Negative inkatsala ku labu, labu n'kutsekanso, m'dziko lotentha ndi lachinyezi. Filimu ya acetate ikayamba kuwola imanunkha viniga, imakwinyika, ndipo sibwerera. Mipukutu yomwe inazungulira m'maholo ili ndi vuto lina: utoto wa Eastmancolor wa nthawi imeneyo umafwifwa mosalingana, wabuluu ndi wachikasu umayamba kutha, n'kutsala chithunzi chofiirira. N'chifukwa chake ma Blu-ray ena oona mtima amalemba poyamba kuti zigawo zina azitenga pa mpukutu wokalamba kapena pa tepi. Kwa mafilimu ambiri, tepi ya kampani ya ku Hong Kong ya Ocean Shores kapena VCD ndiye zonse zomwe zikupezeka.

Nachimbale
Ndipo si chilichonse cholembedwa HD chomwe ndi HD. Pa YouTube padzaza makope a pa tepi okuzidwa ndi AI. Nkhope zimasalala ngati kandulo, tsitsi limaoneka lopenta, mano amalumikizana kukhala chinthu chimodzi, zilembo za Chitchaina pa zikwangwani zimasanduka zokhwatchakhwatcha. Kope lochokera pa filimu yeniyeni limakhala ndi timchenga tovinavina pachithunzi, ndipo ulusi wa malaya umaoneka. Timchengato si dothi, musatichotse.

Kambuku_Joni
DVD ya a Kadzidzi ndikuikayikira. Tembenuzani chimbale. Kunsi kukakhala kwa papo ndi DVD-R yowotcha pa kompyuta, utoto wake umafa ndi kutentha ndi dzuwa. Ya ku fakitale imakhala yasiliva, ndi timanambala pa mkombero wa pakati. Ngakhale za ku fakitale, zambiri za ku America zotchipa zija, mafilimu 10 kapena 20 m'bokosi limodzi, zinkakopedwa pa tepi. Umboni wake ndi kamzere kogwedera pansi penipeni pa chithunzi. Kameneko kamachokera ku mitu ya VHS, filimu ilibe.

Kadzidzi_Zomba
Ndayang'ana zonse. Chimbale ndi chasiliva koma kamzere kogwedera kalipo. Masamu a 1.0427 ayenda bwino mpaka ndewu yachitatu, pamenepo tepi yalumpha masekondi pafupifupi 30, ndipo pa DVD pali nunchaku. Chingerezi n'chimodzimodzi pa tepi ndi pa DVD, kungoti pa tepi chikumveka bwino, pa DVD chili ngati munthu akuyankhulira m'mtsuko. VCD ndi scope yeniyeni, chipewa chansungwi n'chozungulira. Chuku palibe.

Deki_Yakale
Ndiye chithunzi tengani pa VCD, mawu pa tepi, masekondi 30 osowawo pa DVD. Mafayilo a VCD ali m'foda ya MPEGAV, othera ndi .DAT, akopeni momwe alili. Tepi muikope ndi deki ya S-Video ngati ilipo, tracking muisinthe ndi dzanja mpaka mawu a Hi-Fi asiye kuthetheka. Akakana, sankhani Normal kapena Mono pa deki, mawu ake ndi otsika koma okhazikika. Fayilo yomaliza isungeni pa ma hard drive awiri osakhala nyumba imodzi.

Mai_Chinyezi
Zoyambirira zitatuzo zisungenibe, kukopa kumalakwika ndipo mudzafuna kubwereza. Za malo pashelefu, chotsani DVD m'chikesi chake chachikulu, chimbale muike m'kathumba ka pepala, chikuto muchiyale m'faelo ya mapulasitiki. Chikesi cha tepi chokha musachichotse, ndi chomwe chimatchinga fumbi.

Thengo_Lapsa
A Kadzidzi, dzina la Chitchaina mwalipeza? Liikeni pano tione, mwina ndi yomwe ili pa fulashi yangayi ndi dzina lachinayi.